Kilomita 18 ndakusungira iwe

Area 49, Lilongwe
Lachisanu usiku

Mzanga,

Ndayamba kukulembera pa WhatsApp kawiri konse koma ndimangofufuta, nkhani yake ndi yaitali ndipo ndikudziwa kuti ma voice note anga umawamvera uli pa ulendo wa ku ntchito, theka limapita ndi phokoso. Nde ndati ndikhale pansi ndilembe ngati mmene tinkachitira kale tili ku sekondale, uwerenge ukapeza mpata, olo Lamulungu ukaweruka ku tchalitchi. Muli bwanji kumeneko? Ana, bambo awo? Ndikudziwa miyezi ino ku Cape Town ndi mvula ndi mphepo zokhazokha, uziwaveka majuzi anawo. Kuno chisanu chafika, mmamawa ukamalankhula pakamwa pamachita kutuluka utsi, fumbi nalo layamba kale. Amayi ako ndinawaona Lamulungu lathali, ali bwino ndithu, anachita kundikoka dzanja mpaka kunyumba nkundipatsa mtedza wa chaka chino m'jumbo. Akuti uwaimbire, akusowa mawu ako.

Nkhani ndi iyi: ndikuthamanga. Ndalembetsa mpikisano wa makilomita 21, uja amati half marathon, konkuno ku Lilongwe, ndipo kwatsala masabata 6. Kunena ndendende ndi makilomita 21 ndi mamita 97 ndi theka, kutanthauza theka la marathon yathunthu ya makilomita 42.195. Kuti uone kutalika kwake, ganiza wanyamuka ku Old Town wapansi, wadutsa Area 18, wadutsa Kanengo yense, ukupitabe msewu wa ku Lumbadzi. Ndikudziwa wadabwa, poti chisiyireni netball tili Form 4 sindinathamangeponso. Ndikuthamanga kuti ndipeze ndalama zothandizira magadiyani, amayi aja odikirira odwala kuchipatala, makamaka a ku wodi ya khansa. Koma ndiyambire pachiyambi, chifukwa pali zina zimene sindinakuuzepo.

Ukukumbuka masabata 7 aja ndinakhala ndi amayi m'chipatala akudwala khansa ya khomo la chiberekero. Unkaimba pafupifupi tsiku lililonse ine nkumangoti zili bwino, tikuyesetsa. Sindinkakuuza kuti tsiku ndi tsiku ndinkadzuka 4 koloko mbandakucha kukasonkha moto ku khitchini ya magadiyani kuti ndiphitse madzi ndiwasambitse amayi madokotala asanayambe kuzungulira, chifukwa amayi sankafuna olo pang'ono kuti munthu awapeze asanasambe, ukuwadziwa mmene analili pa nkhani ya ukhondo. Nde amayi anapita, maliro anatha, anthu anabalalika, ine ndinabwerera ku ntchito, koma thupi langa silinamve kuti zatha. Ikangokwana 4 koloko maso gwa. Chaka chathunthu ndi miyezi ndakhala ndikudzuka nthawi imeneyo nkumangoyang'ana kudenga, woti ndimuphitsire madzi palibe, ndipo maganizo a nthawi imeneyo ndi oipa mzanga, amakubwezera chilichonse, mawu amene sunanene, tsiku limene unakalipa chifukwa cha kutopa, zonse.

Tsiku lina mu March, mvula ikupita kumapeto, ndinangotopa nako kugona chagada, ndinavala nsapato nkutuluka kutangoyamba kuyera. Ndinayenda mpaka pa Kaunda Road, ndipo chakufupi ndi Bingu Stadium ndinapeza kagulu ka anthu akuthamanga, ena achinyamata, ena amayi akuluakulu kuposa ife. Ndinawatsatira pambuyo pang'ono, sipanathe olo maminitsi 3 befu anandigwira, ndinaima nkugwira mawondo. Koma tsiku limenelo usiku ndinagona tulo tenitene koyamba chichokereni kumaliro. Mawa lake ndinapitanso.

M'gulumo muli bambo wina wachikulire, anapuma usilikali, ndi amene akutiphunzitsa ife atsopano ndipo salandira kanthu. Atandiona ndikulimbana ndi befu tsiku lachitatu anandiyandikira nkunena kuti mayi, mukuthamanga ngati kumbuyo kuli galu, chepetsani. Lamulo lawo loyamba ndi lakuti ngati sungathe kucheza ndi mnzako uku ukuthamanga ndiye kuti wathamangitsa. Ine ndinkaona ngati kuthamanga ndi liwiro basi, osadziwa kuti mtima ndi mapapo zimakula ndi kuthamanga kofatsa kwa nthawi yaitali. Anandiyambitsa ndi mphindi imodzi kuthamanga, 2 kuyenda, kubwereza choncho kwa theka la ola, katatu pa sabata. Ndinkaona ngati akundichedwetsa. Koma ndinakumbuka amayi, aja ankakonda kutiuza tikamapupuluma pa ntchito kuti kuthamanga sikufika, ndipo ndinamvera. Patatha mwezi ndinathamanga makilomita 5 osaima, ndinafika pageti nkukhala pansi nkulira, mwana wanga kudabwa kuti amama mwagwa kapena.

Panopa ndondomeko yake ili chonchi. Lachiwiri ndi Lachinayi timathamanga makilomita 6 kapena 8, Lachitatu lina timapita kukakwera chitunda cha ku Capital Hill kukwera nkutsika kangapo, ndipo Loweruka ndi tsiku la mtunda wautali. Wa Lowerukawo ndi umene uli mwini nkhani. Timaonjezera pang'onopang'ono, kilomita imodzi kapena 2 pa sabata osapitirira apo, ndipo sabata yachinayi iliyonse timabwerera m'mbuyo kuti thupi lipume, akuti nyama ya thupi imalimba pa nthawi yopumayo osati pa nthawi yothamanga. Loweruka lathali ndinakwanitsa 15. Tinanyamuka kuno ku 49, kutsata msewu watsopano uja wa mbali ziwiri mpaka pa interchange ya Area 18, iwe unachoka pakadali raundabauti ija, ukadzabwera sudzapazindikira, kenako kupitirira mpaka ku Parliament, kudutsa pa manda a Kamuzu, kuzungulira City Centre nkubwerera, nkuonjezera kuzungulira kwathu kuno mpaka foni itanena kuti yakwana. Mawa ndi 16. Tidzafika 18 basi, 21 yeniyeniyo ndidzaiona tsiku lomwelo, ndipo masabata 2 omaliza tidzachepetsa kwambiri kuti miyendo idzafike pa mpikisano ili yopuma.

Sizinayende zosalala ayi. Mu April ndinachita changu, ndinaonjezera mtunda ndekha osawauza bambo aja chifukwa ndinkamva mphamvu, komanso ndinali ndikuthamangira nsapato zanga zakale zija zosalala kunsi pa tala. Misongolo inayamba kuwawa, poyamba ndikamathamanga pokha, kenako olo ndikamatsika masitepe ku ofesi. Ndinapuma masiku 8, madzulo ndinkaika botolo la madzi oundana pamsongolo, ndipo nditabwerera ndinayamba kuthamanga m'mbali mwa msewu pa dothi paja pamene pali pofewa. Masiku 8 amenewo anandiwawa kuposa msongolowo chifukwa 4 koloko ija inabwereranso. Nsapato ndinakagula za kaunjika ku Tsoka, zatsopano za m'shopu mtengo wake sindingautchule, kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinangouluka. Bambo aja anandiuza kuti ndipite masana kapena madzulo chifukwa phazi limakhala litatupako, ndione kunsi ngati sikunadyeke mbali imodzi, ndiipinde ndione ngati siyothyoka pakati, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale malo okwana chala chamanthu cha kumanja. Ndinafufuza mulu wonse pafupifupi ola, mnyamata wogulitsayo atamva chimene ndikuthamangira anachotsako yekha mtengo, akuti azakhali ake anamwaliranso ndi matenda omwewo. Chikhadabo chimodzi chinada kale ndi nsapato zakale zija, chikuchoka, akuti chimera china.

Zakudya sindinasinthe zambiri, za kwathu kuno zomwezi zikukwanira. Usiku woti mawa ndi mtunda wautali ndimadya nsima bwinobwino ndi nyemba kapena usipa ndi masamba. Mmawa ndisananyamuke nthochi imodzi ndi tiyi pang'ono, ndikabwerera phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata poti ino ndi nthawi yake. Mtunda ukapitirira ola ndimanyamula kabotolo ka madzi, ndipo ndikatuluka thukuta kwambiri ndimasungunula Thanzi ORS uja timapatsa ana akatsegula m'mimba, chifukwa thukuta limapita ndi mchere. Chisanu chimanamiza, umaona ngati ulibe ludzu. Ndi Vaseline m'ntchafu ndi m'khwapa, imeneyo ndinaphunzira nditanyuka kale.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinkachidziwa za mzinda uno ngakhale ndakhalamo moyo wanga wonse. Lilongwe wa 5 koloko mmawa ndi wina. Ife tikamatuluka ndi nsapato zathu timakumana ndi abambo akukankha njinga zosenza matumba a makala ataliatali mpaka munthu osaoneka, anyamuka kumudzi pakati pa usiku, amayi ndi mabeseni a tomato ndi masamba pamutu mwana kumbuyo akuthamangira kukapeza malo kumsika, alonda akuweruka atafunda zitenje, anthu mizeremizere wapansi kulowera ku Kanengo chifukwa ya minibasi palibe. Ena mwa amenewa amayenda mtunda woposa wanga uja tsiku lililonse ndi katundu pamwamba, popanda wowaombera m'manja. Ndikawaona ndimasiya kudandaula za mwendo. Poyamba anyamata ena pa siteji ankandikuwiza chifukwa cha zovala zothina zothamangirazi, mawu oipa ndithu, mpaka ndinayamba kumanga kachitenje m'chiuno, ndipo ndinakumbuka kuti amayi athu anakula lamulo likuwaletsa kuvala thalauza mpaka cha m'ma 1993, maganizo amenewo mwa anthu ena sanathe. Sindithamanga ndekha kukadali mdima, nthawi zonse timakhala atatu kapena anayi, usade nkhawa. Koma panopa akabaza a pa siteji yomweyo akandiona amakuwa kuti limbikirani mayi, ndipo mmodzi anandipatsa K1,000 atamva nkhani yake, ndinailandira ndi manja awiri.

Tsopano za magadiyani. Iwe sunakhalepo gadiyani nde ndikufotokozere. Munthu akagonekedwa, manesi amagwira ntchito yawo ndipo ine ndinawaona akugwira mpaka kutupa mapazi, koma ndi ochepa pa chiwerengero cha odwala, nde kusambitsa wodwala, kumudyetsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumuperekeza kuchimbudzi, kuchapa, kuthamanga kukaitana nesi diripi ikatha, zonsezo ndi za gadiyani. Ndipo pafupifupi onse ndi azimayi. Ine ndinali ndi mwayi, kunyumba ndi konkuno, achimwene ankabweretsa chakudya, malipiro anali kulowa. Koma anzanga ambiri anachokera kutali, ku Mchinji, ku Dedza, ku Kasungu, ku Ntchisi, ku Salima, anabwera ndi kathumba ka ufa, poto mmodzi ndi chitenje poganiza kuti akhala sabata imodzi, nkupezeka mwezi wachiwiri ukutha. Ufa watha, makala atha, sopo watha, kumudzi munda wangokhala, ana asiyidwa ndi agogo.

Panali mayi wina wa ku Mchinji, ankadikirira mng'ono wake ali ndi khanda kumbuyo. Ndi amene anandiphunzitsa kutembenuza wodwala pogwiritsa ntchito chitenje osamupweteka, ndipo mmawa uliwonse ankandisungira moto pa mafuwa ake kuti ndisavutike kuyatsa wanga. Ndinazindikira patapita masiku kuti iyeyo ankadya kamodzi patsiku, madzulo, ndipo phala akaphika ankati ndakhuta kale. Mng'ono wakeyo atamwalira analibe ndi ya minibasi yomwe yobwerera kwawo. Tinayala chitenje pansi ku khitchini kuja, aliyense kuponyapo zimene anali nazo, ma K200, ma K500, amayi oti iwonso mawa sakudziwa adya chani. Ndinaona ndi maso anga gogo wina akumasula mfundo ya pa chitenje chake nkuchotsa ndalama yomaliza. Sindinatenge nambala ya mayi uja, foni analibe. Ndikamathamanga ndimamuganizira kwambiri, kaya khanda lija likuyenda tsopano.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi cha thiransipoti. Mankhwala a khansa aja amati chemo salandira kamodzi, umalandira, nkupita kunyumba masabata angapo, nkubweranso, mpaka maulendo onse atakwana, ndipo ukadumphitsa matenda amapeza mpata. Mankhwalawo m'chipatala cha boma salipiritsa. Koma ulendo wa anthu awiri, wodwala ndi gadiyani wake, kupita ndi kubwera, kangapo konse, kwa munthu wodalira kamunda ka chimanga ndi mtedza, ndi phiri. Nde timaona bedi lija munthu sanabwere pa tsiku lake, manesi akufunsa, ndipo tonse tikudziwa kuti si kuti wachira. Munthu kutaya moyo chifukwa cha ndalama ya minibasi, ine chimenechi chimandikanika kuchimeza mpaka lero.

Nde ndalama zimene ndikusonkhetsa zigawidwa pawiri. Gawo lina tigula ufa, nyemba, sopo, makala, zidebe ndi mabulangete poti kukuzizira, gawo lalikulu likhala la thiransipoti ya amayi obwerera kudzalandira mankhwala. Ndinaganiza zogulitsa makilomita. Kilomita iliyonse ndi K100,000, onse 21 ikhala K2.1 miliyoni. Munthu atha kugula yekha, kapena anthu kusonkherana, ndipo amene wagula amandiuza dzina la munthu amene akufuna ndimuthamangire pa kilomita imeneyo, wamoyo kapena amene anatisiya. Mainawo ndidzawalemba kumsana kwa sikipa yanga. Pofika lero agulidwa 11. Kungotchulako ena, anzanga a ku ofesi atenga 2, a kwaya atenga imodzi, achimwene atenga yoyamba, gulu lathu lothamanga latenga imodzi, amayi a banki mkhonde ya kwathu kuno anasonkherana mpaka inakwana ngakhale zinawatengera masabata 3. Ndalamazo sizikufikira pa foni yanga ayi, ndinakana dala. Zikupita kwa msungichuma wa amayi a Chigwirizano ku tchalitchi kwathu, amene amapita kale kukaona odwala, pali anthu atatu oyang'anira, ndipo chilichonse cholowa pa Airtel Money kapena Mpamba chimalembedwa m'kope nkujambulidwa pa gulu kuti aliyense aone. Za thiransipoti tidzadutsira kwa a sisitala oyang'anira wodi, iwo ndi amene akudziwa amene ali pa mavuto enieni. Anthu anapwetekedwa kokwanira ndi zosonkhasonkha zosaoneka mutu wake, sindikufuna dzina la amayi lidzamveke m'nkhani zotero.

Mnzanga wina ku ntchito anandifunsa, osati mwachipongwe, kuti bwanji osangopempha ndalamazo basi, kuthamangako kukuonjezera chani, mwendo wako ukatupa gadiyani wakhuta? Ndinaliganizira funso limeneli masiku angapo chifukwa lili ndi nzeru. Yankho langa ndi lakuti anthu atopa, foni iliyonse ili ndi magulu a maliro, a ukwati, a bridal shower, a fizi, aliyense akupempha ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka, nde uthenga wina wopempha umangodutsa. Koma akandiona Loweruka ndikubwerera thukuta lili kamukamu, fumbi mpaka m'mawondo, amafunsa okha kuti mukuvutikiranji chonchi, ndipo akafunsa okha amamvetsera. Ndalankhula za khomo la chiberekero ndi anthu ambiri miyezi itatu ino kuposa moyo wanga wonse, ndi azibambo omwe. Komanso sindinamubisire, kuthamangaku kukundichiritsa ineyo. Zonse ziwiri ndi zoona.

Poti ndatchula, ndikufunse mosapsatira: unakayezetsa? Amayi anataya magazi miyezi yambiri osauza munthu, ankaganiza kuti kusamba kwangobwerera ukalamba, komanso manyazi, nkhani za kumusi amayi athu sakamba ndi ana awo. Pomwe tinkadziwa zinali zitafalikira. Chonsecho khansa imeneyi ndi imodzi mwa zopeweka. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV kamene kamafala pogonana ndipo anthu ambiri amakatenga osadziwa, kwa ambiri kamatha kokha, koma kwa ena kamakhalira nkumasintha khomo la chiberekero pang'onopang'ono kwa zaka zambiri kasanasanduke khansa. Zaka zimenezo ndiye mpata wathu. Kuno amayeza popaka viniga pa khomopo, pamene payamba kuonongeka pamayera, ndi maminitsi ochepa chabe ndipo m'zipatala za boma ndi ulere, akapeza poyambira amatha kupaotcha ndi kachipangizo tsiku lomwelo nkhani nkutha. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha azimayi kwambiri pa dziko lonse, ndipo amene ali ndi HIV chiopsezo chawo ndi chachikulu kuposa. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, wanga ndinakamubayitsa, anthu ena ankandiopseza kuti sadzabereka, ndinawayankha kuti ine ndagonapo pansi pa bedi la munthu wodwala matendawa, musandiuze. Kumenekonso amabaya m'masukulu, fomu ikabwera ya mwana wathu wamkuluyo usaikane. Ndipo iwe upite mwezi uno, undiuze kuti wapita.

Usaganize kuti ndikukapikisana ndi akatswiri. Letesenbet Gidey wa ku Ethiopia anathamanga mtunda umenewu ola limodzi, maminitsi 2 ndi masekondi 52 ku Valencia mu 2021, ine ndikufuna maola 2 ndi theka, ndipo olo atakhala 3 bola ndimalize ndi miyendo yanga. Bambo aja amakonda kutikumbutsa kuti ifenso tili nawo athu, amatchula Catherine Chikwakwa amene anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004, ndi anyamata ndi atsikana a ku Mulanje aja amathamanga Porters Race kukwera phiri nkutsika. Akuti kuno ku Lilongwe tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, nde tikadzapita kothamangira kotsika ngati kwanuko mpweya udzatichulukira. Anandiuzanso kuti Two Oceans ya ku Cape Town ili ndi half marathon yake pambali pa ija ya makilomita 56. Ndinangoti mumtima, kaya, mwina tsiku lina ndidzagona kwa mzanga nkudzuka kukathamanga iye akundidikira kumapeto.

Tsopano chimene ndakulemberadi. Onse amene anathamangapo mtunda umenewu akundiuza zofanana, kuti makilomita 10 oyamba umanyamulidwa ndi chisangalalo ndi anthu, kufika 15 umanyamulidwa ndi zimene unakonzekera, koma cha pa 18 mphamvu m'miyendo zimakhala zatha, kumapeto sikukuoneka, ndipo mutu umayamba kukunyengerera kuti ima, wayesetsa, palibe akudzudzule. Komanso 18 ndi pomwe ndidzalekezere pokonzekera, kupitirira apo ndi dziko loti sindinapondepo. Anthu awiri afuna kale kugula kilomita imeneyo ndawakaniza. Ndakusungira iwe.

Ndikudziwa nkhani ya maliro a amayi ikukudyabe. Nthawi iliyonse tikamalankhula umaibweretsa, kuti anakulera ngati mwana wawo, kuti unkadya m'mbale imodzi ndi ine, kuti pomwe bambo ako anamwalira amayi anagona kwanu sabata yathunthu, koma iwe sunabwere kudzaponya dothi. Mzanga, mapepala ako anali asanatuluke, ukanatuluka sukanabwereranso ndipo ana akanavutika, tonse tinkadziwa, amayinso ankadziwa. Sabata yomaliza ija, usiku wina atatsitsimuka, anandifunsa ngati wadya. Osati ngati ukubwera, anafunsa ngati wadya, poti ankadziwa kuti ukapanikizika umaiwala kudya. Ndinawauza kuti eya. Ndipo ndalama ija unatumiza pa Mukuru sindinakuuze kuti inagwira ntchito yanji, ndi imene inagula bulangete limene anafunda masiku awo omaliza, lija la maluwa ofiira, ndipo lili kuno ndikulisunga. Unalipo mzanga, sunaliko ndi thupi chabe.

Nde pa 18 ndikufuna ndidzadziwe kuti pamenepa ndili ndi iwe, ngati mmene tinkakhalira pa bwalo la netball iwe pakati ine kutsogolo, ndikatopa umangondiyang'ana nkundikodola. Za K100,000 usapanikizike nazo, ndikudziwa lendi ya kumeneko ndi ya kunyumba kuno zonse zili pamutu pako. Tumiza imene ungathe, olo uuzeko anzako a ku tchalitchi cha Amalawi kumeneko musonkherane, ambiri a iwo ali ndi wawo amene anagonapo pa khonde la chipatala. Yotsala ndidzaonjezera ine, ndipo imeneyo si ngongole. Chimene ndikufuna kwa iwe ndi dzina loti ndilembe pa sikipa, ndi voice note, yaitali, ulankhule chilichonse, uimbe nyimbo ija amayi ankakonda ku Chigwirizano ngati ukuikumbukabe, ndidzaisunga osaimvera mpaka foni itandiuza kuti 17 yatha. Kilomita yomaliza, ya 21, ndi ya amayi, imeneyo ndagula ndekha. Ya 20 ndalemba kuti mayi wa ku Mchinji, poti dzina lake lenileni sindinalifunse, tonse tinkangoitanana ndi maina a kumene tachokera.

Ndaona nthawi, yadutsa 10 koloko ndipo anzanga adzagogoda pageti 5 isanakwane. Nsapato ndaika kale pakhomo, nthochi ili patebulo. Nambala ya msungichuma ndikutumizira pa WhatsApp mawa ndikabwerako, pamodzi ndi chithunzi cha kope lija uone mmene tikulembera. Undipatsire moni kwa alamu, ana uwapsompsone, uwauze kuti azakhali awo mawa akuthamanga 16. Uwaimbire amayi ako.

Ndine mzako wa kalekale,
wa ku 49